Madontho a pa ekizozi

Lolemba, 9 Juni
Ntchito yanga ya kwa madamu, m'dera la Irene, yatha. Zaka zisanu m'gadeni imeneyo. Mlandu wake madontho a madzi pansi pa galimoto yatsopano ya madamu, haibulidi, yoyendera petulo ndi batire. M'mawa uliwonse ekizozi kudontha. Akuti potsuka ndimalowetsamo paipi. Wawauza bodzali ndi Chancy, wakwathu ku Ntcheu, yemwe ndinamusunga miyezi itatu n'kumupezera ganyu yopenta panyumba pomwepo.

Lachitatu, 11 Juni
Uthenga wochokera kwa Naomi, mayi wogwira ntchito m'nyumbamo. Chancy wayamba kale ntchito yanga ija. Wavala ndi magambutsi anga omwe. Eish. Tsiku lonse maganizo pa shuga wothira m'thanki. Galimoto ife, mlandu umugwere iyeyo.

Loweruka, 14 Juni
Ku Hammanskraal, kwa a Alufeyo amakaniko. Ndinapitira kukafunsa chimene chingaphe galimoto yotere. Nditafotokoza za madontho anaseka mpaka kukhosomola. "Si paipi imeneyo, achimwene. Petulo akamapsa amatulutsa nthunzi. Galimoto wamba ekizozi imatentha, nthunzi n'kuuluka. Haibulidi ikamapita pafupi imadalira batire, injini ingodzuka pang'ono n'kugonanso. Ekizozi yozizira, nthunzi isanduka madzi. Ndi chisanu chino idontha mpaka Ogasiti."
Madamu ulendo wawo ndi wa kushopu basi. Ndiye kuti siisiya kudontha.
Za shuga ndasiya. Ndingokhala chete.

Lamulungu, 22 Juni
Kutchalitchi. Chancy mpando wakutsogolo, jekete latsopano. Naomi wandinong'oneza kuti galimoto ikudonthabe, madamu ayamba kumuyang'ana Chancy ndi diso loipa. Sindinamuuze zomwe ndikudziwa. Nyimbo ndaimba mokweza kuposa onse.

Lachinayi, 3 Julayi
Chancy amuchotsa! Anagwada pageti, akuti, kulumbira kuti paipi sanaigwire. Ndagula nkhuku ndadya ndekha, ndi mafupa omwe.

Lachisanu, 4 Julayi
Naomi anaimba foni akulira. Madamu akuti Amalawi tonse tinapangana kuwononga galimoto yawo. Nayenso amuuza kuti mwezi ukatha achoke. Ana ake awiri ali pasukulu ku Balaka. Ndinapezeka ndamuuza za a Alufeyo. Iye anati: "Masabata atatu mukudziwa, achimwene? Ine ndinakulakwirani chiyani?" Anadula.

Loweruka, 5 Julayi
A Alufeyo avomera kupita nane ku Irene Lolemba, akawafotokozere madamu maso ndi maso. Anandichenjeza kuti galimoto ikangopezeka yabwinobwino, tonse atatu tayera. Palibe njira yopulumutsira Naomi yekha. Ndafufuza, ilibe.
Chancy wagogoda kawiri masana ano, chikwama m'manja. Alibe kogona. Sindinatsegule. Akadali pakhonde, ndikumumva akutsokomola.
Lolemba ndipita. Koma chitseko ichi ayi.