Mabuku a ku Timbuktu ndi a adada

Bolero, Rumphi

Okondedwa achimwene a Manase,

Muli bwanji ku Timbuktu kuja? Kuno tilipo, koma ine mtima sukukhazikika. Wailesi ikangotchula dziko la Mali ndimasiya zonse kuti ndimvetsere, ndipo kawirikawiri imakhala nkhani ya mfuti.

Yewo chomene chifukwa cha zithunzi zija. Adada anayang'anitsitsa mzikiti wadothi uja anthu akuumata, ndiponso mabuku akale a Chiarabu amene mukuwajambula kuti asatayike. Ndinawafotokozera zimene munandiuza, kuti mabanja a kumeneko asunga mabukuwo kuchokera kwa makolo awo, mpaka kuwabisa pa nthawi ya nkhondo. Adada anati, "Ana a kumeneko analeredwa bwino. Mabuku anga kuno chiswe chayamba kudya."

Lachiwiri tinapita nawo kuchipatala. Adokotala anandiitanira pambali, ndipo zimene ananena sindingathe kuzilemba. Chibwerereni, adada akugawa mabuku awo kwa aphunzitsi anzawo, koma a pa shelefu yapamwamba akukaniza. Akuti amenewo ndi anu, mudzatenge nokha m'manja mwawo.

Achimwene, musadikire Khirisimasi.

Ndine mlongo wanu,
Isabella