Pampu ya Oyilo ya Tawonga

Lolemba, 10 Juni
Akulemba ndi bambo ake a Tawonga, ine ndikungonena. Ndawauza kuti asawonjezepo zawo.

Galimoto ya a Frackson, ochita malonda a khofi, aikankhira pabwalo pathu. Kagetsi kofiira ka oyilo kanayaka akutsika ku Misuku. Tawonga wathu, amene anaphunzira zaumakaniko, waiona ndipo wati pampu ya oyilo yatha. A Frackson ati akaikonza pofika Loweruka, tsiku lokatenga khofi, amupatsa malo ogwirira ntchito m'shedi yawo ku Lufita. Ikakanika, mwana apita ku Tunduma, ku Tanzania, kukagulitsa m'sitolo ya azakhali ake. Ine sindikufuna apite.

Lachiwiri, 11 Juni
Tsiku lonse ndaona mapazi ake okha, thupi lili kunsi kwa galimoto. Wakhetsa oyilo wakuda, wamasula chibeseni cha pansi pa injini. Amayi opita kuchigayo amaima n'kumasuzumira. Wina anati mtsikana ameneyu adzakwatiwa ndi sipanala. Ndinamuyankha kuti sipanala sabwera kunyumba ataledzera. Akudziwa yekha za kwawo.

Lachitatu, 12 Juni
Lero ndawononga. Posesa m'mawa ndinapeza mabawuti ali balala pakatoni. Ndinawatolera onse m'chitini, katoniyo n'kukolezera moto. Ndikanadziwa bwanji kuti anawayala mwadala, lililonse moyang'anizana ndi bowo lake, aatali pawokha, aafupi pawokha?

Tawonga anangogwira m'chiuno. Anati, "Amama, sabata ino pano ndi pagalaja. Tsache likapume."

Pampu yatsopano yafika pa njinga yamoto, koma sanaikhudze.

Lachinayi, 13 Juni
Kuyesa bawuti lililonse pabowo, kuchotsa, kuyesa lina. Tsiku lathera pomwepo. Mbatata anadyera kunsi komweko. A Frackson anadutsa, anayang'ana chitini chija, n'kumapita. Mtima wanga suli m'malo.

Lachisanu, 14 Juni
Tawonga anabwera kukhitchini manja ali bii, kufunsa ngati ndili ndi vasilini. Akuti pampu yatsopano saimanga youma, amaidzaza mafuta m'kati kuti ikoke oyilo msanga injini ikalira. Ndinamupatsa botolo langa lopaka m'ming'alu ya kumapazi, lomwe ndimabisa ngakhale kwa bambo akewa, ndi kuzizira konseku. Anakombeza lonse. Anathokoza kuti yewo amama, n'kundidinda chala chakuda pamphuno.

Bambo ake akuti mlandu wa mabawuti ndalipira. Zimenezo musalembe.

Loweruka, 15 Juni
A Frackson anafika ndi matumba awo a khofi atapindapinda. Tawonga anathira oyilo watsopano, nandiuza ndikhale kutsogolo ndiziyang'anira kagetsi, iye akaone kunsi ngati pali podontha. A Frackson analiza injini. Kagetsi kanayaka, kofiira psuu. Ndinagwira chitseko mwamphamvu, n'kuyamba kupemphera chamumtima. Ndisanafike pa ameni kanazima.

Ndinatulutsa mutu pawindo kumuuza kuti kazima. Tawonga anali akumvetsera injini, nawonso a Frackson chimodzimodzi. Kenako a Frackson anazimitsa injini n'kumupatsa kiyi m'manja, akumutcha fundi, kutanthauza mmisiri.

"Fundi, yendetsa wekha, ukaimve pazitunda za ku Misuku. Lolemba ubwere ndi zitsulo zako ku Lufita."

Palibe anandiuza kuti nditsike, ndiye sindinatsike. Ku Misuku ndapitako ndi chitenje chakukhitchini, pampando wakutsogolo, mwana wanga ali pachiwongolero. Aliyense amene tinakumana naye panjira ndinamukwezera dzanja.