Amayi ake a Helen Abwera Kudzandiona

Lolemba, 4 Ogasiti 1997
Amayi ake a Helen afika ku Kabwata, muno mu Lusaka, kuchokera kwawo ku Mambwe. Sabata imodzi yokha. Nkhani yake ndine. Akandikana, ukwati palibe. Ndagula nsapato ku Kamwala, zikundiluma. Moni wanga ayankhira kwa Helen, maso ali kukhoma.

Lachitatu, 6 Ogasiti
Ndapita nawo kufamu ya maluwa komwe ndikugwira ntchito chitsekereni fakitale yathu. Nyumba zapulasitiki, mizere yofiira mpaka uko, chipinda chozizira ngati Juni. Ndafotokoza monyada kuti tikadula lero, mawa ali ku Ulaya pandege. Afunsa Helen ngati amadyedwa. Ayi. Afunsanso ngati azungu akufa chonchi masiku onse. Ine osatolapo kanthu, ndawapatsa mtolo waukulu. Aulandira ndi zala ziwiri. Pobwerera Helen wandinong'oneza: "Iwe Gilson, kwathu maluba ni ya pamanda." Manyazi osaneneka.

Loweruka, 9 Ogasiti
Kukonza zolakwika. Famu ya nyama, njira ya ku Chisamba. Mbidzi, agwape, nyamalikiti mutu pamwamba pa mtengo. Ine wobadwira mu Lusaka, kukamwa yasa. Iwo kuyasamula. Akuti kwawo nyama zimabwera zokha kumunda, palibe amalipira pageti.
Kenaka njiri. Mchira njo, kulunjika pomwe tinaima. Sindikukumbuka momwe ndakwerera padenga la minibasi yomwe tinabwera nayo. Helen pansi. Amayi ake ali chiimire pansi. Angoikupizira chitenje, yabwerera. Ana asukulu odzaza basi ina kundiwombera m'manja.

Lamulungu, 10 Ogasiti
Kutchalitchi sindinapite. Helen sanabwere. Ndamutaya mtsikana uja, ndipo zikundiwawa kwambiri.

Lachiwiri, 12 Ogasiti
Helen pakhomo m'mamawa, akuchokera kokweza amayi basi. Ndinaganiza kuti wabwera kudzatsanzika. Wakhala pampando, wandiuza mawu awo momwe anawanenera: "Atate ako sankathawa nyama. Anaima nji pamaso pa njati, ine n'kulera ana asanu ndekha. Uyu wapadenga adzalera ake. Abale ake abwere tikambirane."
Amaseka pondiuza, misozi ikutsika. Ine ndinasowa poyang'ana.
Madzulo ndipita kwa amalume ku Chelstone. Akandifunsa kuti ndawakopa bwanji apongozi, kaya ndidzati chiyani.