Mbaula pafupi ndi thanki ya petulo

Lachinayi, Okutobala. Tsiku loopsa.

Lamba wachitsulo wogwira thanki ya petulo anaduka dzulo ndikuchokera ku Chanyanya ndi nsomba. Lero ndinalowa pansi pa galimoto kuti ndisinthe malamba onse awiri. Mabawuti anali atagwirana ndi dzimbiri. Ndinathira mafuta a mabuleki, ndinagogoda, ndinalumikiza paipi ku sipanala. Bawuti imodzi inakaniratu.

Petulo akudonthera paphewa panga, ndinamva kutentha kumapazi. Posuzumira, ba Phiri, alamu anga, agwada ndi mbaula yodzaza malasha oyaka!

"Mulamu, tiishoke iyo bawuti na moto, ikapya izamasuka. Ni mwamene nimachitila ku njinga yanga."

Ndinangonong'ona kuti, "Bwererani m'mbuyo." Iwo n'kuseka, n'kuyamba kukupiza motowo ndi katoni. Ndinakuwa mpaka aneba anatuluka m'nyumba, alamu n'kuchoka nayo mbaula yawo.

Bawutiyo ndinaidula ndi sowo, malamba atsopano ndamanga. Alamu akwiya, akuti ndawanyoza pagulu, ndipo mkazi wanga akufuna ndikawapepese. Sindinamuuze kuti malaya anga anali atanyowa petulo msana wonse. Ndawachapa, koma fungo silikuchoka, ndipo ndikangotsinzina ndikuona mbaula ija ikusendera, ine chigonere pansi paja...