Atate Anangoti, "Za Kompyuta Ndamva"

Aphungu,

Funso limene ndikufuna kuti lithe ndi ili: kodi mwana wamkazi amene waleredwa ndi atate ake okha ayenera kudzera kwa amalume kuti amve mawu a atate akewo pa nkhani ya ukwati wake? Ine ndikuti ayi, ndipo ndikulemba kuti mundithandize kuwatsimikizira akwathu. Koma ndiyambe ndi ntchito yanga, pakuti nkhaniyi inabuka pamaso pa kompyuta.

Ndikuphunzira za makompyuta kuyunivesite ku Lusaka, chaka chomaliza. Kwathu ndi ku Mambwe. Amayi anamwalira ndili mu giredi 4, ndipo atate, amene amalima thonje ndi kukonza njinga, sanakwatirenso. Sukulu ina ya kuno inalandira makompyuta awiri akale kuchokera ku loji ina ya alendo ya ku Mfuwe, makompyuta a mitundu yosiyana: ina ya Windows 95, inayo ya Linux. Ndinasankha kuti ntchito yanga ya digiri ikhale pulogalamu yojambula mapu a chigwa chathu, yoonetsa ana kumene madzi a mitsinje ya Luangwa ndi Lupande amafika dzinja likakula. Ndinagwiritsa ntchito zida zomangira mawindo ndi mabatani ooneka pagalasi la kompyuta, zimene zimalola kulemba pulogalamu kamodzi n'kuiyendetsa pa makompyuta onse awiri, chifukwa sindivomereza kuti mwana wa kuchigwa azisankhiridwa maphunziro ndi mtundu wa makina amene wina watopa nawo.

Vuto linali lakuti kuwerengera mapu kumatenga nthawi. Windo linkauma gwa, batani osayankha, ndipo ana ankazimitsa makina poganiza kuti afa. Choncho ndinagawa ntchitoyo m'mathredi, ndiko kuti antchito angapo ogwira pa nthawi imodzi mkati mwa pulogalamu imodzi: wina asamale windo ndi kuyankha mwana, wina awerengere mapu kuseri. Pa kompyuta yoyamba zinayenda. Pa yachiwiri pulogalamu inkagwa, lero inde mawa ayi, popanda chenjezo. Ndinavutika mpaka ndinapeza chifukwa chake. Wakuseri uja akamaliza chigawo cha mapu ankathamangira kukachijambula yekha pawindo, mwini windo ali mkati mojambulapo zina: manja awiri pamalo amodzi. Kompyuta yoyamba inkangopirira, inayo inkakana. Ndinakonza motere: wakuseri sakhudzanso windo, amaika uthenga pamzere, mwini windo n'kuutenga pa nthawi yake n'kujambula. Tsopano ikuyenda ponse pawiri, ndipo sinagwenso.

Amene ankayesera pulogalamuyi ndi ana a m'kalasi mwake ndi mphunzitsi wa jogirafe, Musonda, wochokera ku Kasama. Tinayamba ndi kukangana za mtundu woyenera madzi pamapu, tathera pogwirizana kukwatirana.

Tsiku loonetsa ntchitoyi atate anapalasa njinga kubwera kusukulu atavala jekete lawo la kutchalitchi, ngakhale dzuwa la Okutobala kuchigwa kuno silichitira chifundo munthu. Anakhala patsogolo pa kompyuta manja ali pamaondo, kuopa kukhudza. Nditawagwira chala n'kudina nacho batani, mapu anatuluka pang'onopang'ono, iwo n'kuloza pagalasi, nati, "Apa ndi pamene amako ankatunga madzi." Mtima wanga unadzaza. Ndinaona kuti nthawi yabwino yoposa imeneyo sidzapezekanso, ndipo pomwepo, pamaso pa ahedi ndi Musonda, ndinawauza kuti tikufuna kukwatirana, ndipo ndikupempha dalitso lawo.

Atate anachotsa chala pagalasi. Kenako anati, "Za kompyuta ndamva, mwananga. Wagwira ntchito." Anamupatsa moni Musonda ndi manja awiri, n'kukwera njinga.

Kuyambira tsiku limenelo amandifunsa m'mawa mmene ndadzukira, madzulo mmene ndaswerera. Anandisinthira tcheni cha njinga osapemphedwa. Koma ndikangoyamba nkhaniyi amadzuka kukaona mbuzi. Azakhali anga a Delia akuti ndawaika atate pamoto, chifukwa pa mwambo wathu wa Chikunda mwini mbumba ndi amalume a Onesmus a ku Malama, alongo awo a amayi. Akuti amalumewo amva kale kwa ogulitsa nsomba, ndipo anafunsa kuti, "Kodi mlongo wanga pomwalira anapita ndi abale ake omwe?"

Aphungu, amalumewo sanandiperekezepo kusukulu ngakhale tsiku limodzi. Amene ankandisenza paphewa kuwoloka madzi ndi atate. Mwambo umene umatseka pakamwa pa munthu wolera n'kutsegula pa munthu wakutali ndi mwambo wosalungama, ndipo ndawauza azakhali zimenezi mosabisa. Anzanga ku Lusaka amauza makolo awo mwachindunji, ndipo palibe chimagwa. Koma mitambo yayamba kusonkhana, mvula ikagwa msewu wa ku Malama umaduka, ndipo tchuthi changa chikutha. Sindikufuna kukwera basi popanda mawu a atate. Ndichite chiyani kuti alankhule?

P.N., Mambwe

Mwana wanga P.N.,

Ine kompyuta ndimangoionera patali kubanki, koma kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo yankho walilemba wekha usanafike n'komwe pa Musonda.

Wandiphunzitsa kuti wantchito wakuseri, ngakhale ndiye wasenza katundu wolemera, sakhudza windo. Sunamuchotse ntchito, sunamunyoze. Unangomupatsa njira yoti mawu ake afike popanda kugwetsa zonse. Atate ako ndiwo asenza katundu wolemera, pamenepo sinditsutsa. Koma kwanuko, pa ukwati wa mwana wa mlongo, mwini windo ndi amalume. Atate ako akanayankha pamaso pa ahedi, akanasanduka mkamwini amene walanda mbumba ya eni ake, mkazi wake atagona m'manda, ndipo wotaya abale akuchikazi ukanakhala iweyo, osati iwo. Akusunga khomo limene iwe ukulimenya ndi mwendo.

Kusayankha kwawo si kukana. Munthu wokana sapereka moni wa manja awiri, ndipo sakonza njinga ya mwana amene wamukwiyira.

Za anzako a ku Lusaka sindikuti akulakwa. Makina awo amapirira, akwanu sapirira, basi. Iwe unalumbira kuti ntchito yako iyende pa makina onse awiri. Banja lako nalonso liyenera kuyenda ku Kasama ndi ku Malama komwe.

Pamene uli ndi mfundo ndi apa: wosankha mwamuna ndiwe. Amalume mwambo unawapatsa udindo wolandira alendo ndi kuimirira banja lako likadzagwedezeka, osati wokusankhira. Akadzakana popanda chifukwa, ndewu yako idzakhala yoyenera, ndipo udzaimenya uli ndi atate ako pambali. Koma sanakane. Adandaula kuti amva kwa ogulitsa nsomba, ndipo m'mawu awo aja ine ndikumva munthu amene akulirabe mlongo wake.

Tsono zoti zichitike ndi izi:

1. Leka kuwapanikiza atate. Ungowauza kuti, "Atate, ndikupita ku Malama kwa amalume." Uone nkhope yawo.

2. Pita mvula isanadule msewu, ndipo utengane ndi azakhali a Delia. Mfundo zako za chilungamo uzisiye kunyumba. Unyamule mapu ako osindikiza papepala, uwaonetse amalume pamene mlongo wawo ankatunga madzi, kenako uwauze nkhani yako ndi pakamwa pako ngati kuti sanamvepo.

3. Musonda apeze munthu wamkulu wa kwawo, pakati pa aphunzitsi kapena anamwino amene ali m'boma lanu la Mambwe, woti akamuimire kwa amalume. Yekha asapite.

4. Maliza digiri. Tsiku la ukwati lisatchulidwe pepala lako lisanatuluke.

5. Chenjezo langa ndi ili, chifukwa ndakuona kuti ndiwe wa manja othamanga: uthenga ukauika pamzere, usathamangirenso kukajambula wekha. Dikira. Ndipo tsiku limene amalume adzatumize mawu, ukhale pafupi ndi atate ako. Ndikukhulupirira kuti dalitso ukulifunalo akhala nalo m'thumba la jekete lija kuyambira Okutobala.

Aphungu