Paipi Yosapindika

Lachinayi, pa 17 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Ndalemba kuti okondedwa chifukwa ndi mmene anatiphunzitsira kuyamba kalata, komanso chibale ndi fupa, sichiwola. Koma musayembekezere zotsekemera m'kati muno. Kalata yanu ndinailandira Lolemba, ndaiwerenga katatu, ndipo ulendo uliwonse mtima umandiwawa kuposa poyamba. Ndikhulupirira muli bwino, popeza munthu wodwala sangadzaze masamba anayi ndi kudzitamandira. Ife kuno tilipo, ngati kumeneku n'kukhalapo.

M'kalata yanu muli pempho limodzi ndi nkhani imodzi. Pempho ndi lakuti ndikutumizireni galimoto ija ya alamu anu, amuna angawa, kuti muiimike kutsogolo kwa shopu yanu yowotcherera, ndi chikwangwani chonena kuti inagunda chipilala cha mlatho koma sinaphwanyike. Nkhani ndi yakuti mwezi ukatha mutenga galimoto ya akazi anu, mayi a mapasa, yomwe imanyamula ana kupita kusukulu, muiike mapaipi ngati mmene munachitira ndi yathu. Za moyo wa alamu anu mwafunsa mzere umodzi, m'mbali mwa pepala, malo atakutherani.

Popeza mwafunsa, ndikuuzani. Alamu anu amadzuka ndikawadzutsa. Ndimawasambitsa atakhala pa mpando wapulasitiki umene ndinauboola pansi kuti madzi azidutsa. Dzanja lamanja limangogona pamwendo ngati la munthu wina. Supuni amagwira ndi lamanzere, ndipo theka la chakudya limathera pa thaulo. Munthu uja ankaphunzitsa masamu tsiku lonse osasasa mawu, uja ankatsutsana ndi wailesi mpaka ine kuizimitsa poimvera chisoni, lero watsala ndi liwu limodzi lokha: chabwino. Ukawafunsa ngati akumva kuwawa, chabwino. Ukawauza kuti kunja kukugwa mvula, chabwino. Adokotala akuti ubongo unagwedezeka n'kutupa, ndipo zimene zabwerera pa miyezi isanu ndi iwiriyi mwina ndi zomwezo basi.

Mwina utsi wa zowotcherera wakuiwalitsani mmene tinafikira pano, ndiye ndikukumbutseni. Ngozi yoyamba ija, zaka ziwiri zapitazo, lole inaima mwadzidzidzi pokhotera kumsika, alamu anu n'kukaiwomba kumbuyo. Mphuno yonse ya galimoto inakwinyika mpaka pafupi ndi galasi, boneti inapindika pawiri. Aliyense woiona ankagwira pakamwa n'kufunsa kuti maliro ali kuti. Koma mwini wake anatuluka yekha, mlomo utang'ambika pang'ono, magalasi a m'maso atathyoka mwendo umodzi. M'mawa mwake anawamanga ndi ulusi n'kupita kukaphunzitsa.

Galimotoyo tinaikokera ku galaja ya a Nyundo, mkulu wowongola magalimoto uja wa kuseri kwa depoti. Inu munabwera ndi chikwama chanu cha zida, n'kugogoda chitsulo chokwinyikacho ndi kiyi uku mukuseka. Munati magalimoto a masiku ano ndi zitini, kufakitale amangodinda malata opyapyala ngati akudinda mbale, n'kumatamata. Munati inu muipatsa mafupa. Munadula mphuno yonse, n'kuwotcherera mapaipi onenepa kuchokera ku bampala mpaka pansi pa mipando, ena n'kukwera m'mbali mwa zitseko kukadutsa kudenga, monga mumachitira ndi magalimoto a mpikisano amene anakupatsani dzina kumeneko. Munawapaka utoto wofiira kuti anthu aziwaona. Tsiku lomaliza munakwera padenga n'kumadumpha ndi thupi lanu lonselo, anthu akuomba m'manja. A Nyundo okha sanaombe. Analowa m'kati n'kumakasanja masipanala awo.

Ngozi yachiwiri inali yaing'ono, achimwene, ndipo ichi ndi chimene chimandipsetsa mtima. Unali m'mawa, kukuwaza mvula, alamu anu akupita kuntchito pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Apolisi anati liwiro lake silinafike ngakhale pa la ngozi yoyamba. Tayala linaterereka, galimoto n'kukagunda chipilala. Nyali imodzi inasweka, bampala inakalika, basi. Anthu amene anathamangirako ankauzana kuti dalaivala wapulumuka ameneyu, onani galimoto ili bwinobwino. Atatsegula chitseko anawapeza lamba ali m'chifuwa, mutu utatsamira paipi yanu yofiira ya pambali pa chitseko, magazi akutuluka m'khutu.

Inu mwalemba kuti pakanapanda mapaipi anu bwenzi titawaika m'manda. Mawu amenewo ndawalemba mzere kunsi kwake ndi cholembera chofiira cha alamu anu, chomwe ankachongera masamu olakwa.

Atatuluka m'chipatala ndinapita kwa a Nyundo, kumene galimotoyo inali itangokhala pansi pa shedi, nkhuku zikugona kunsi kwake. Ndinawafunsa kuti zimatheka bwanji munthu kutuluka wamoyo m'galimoto yonyenyeka, n'kudzavulala chonchi m'galimoto yathunthu. Anatola chidutswa cha paipi chotsala pa ntchito yanu, n'kundiuza kuti ndichigwire kumapeto, chikhatho chitatseka pabowo. Kenako anamenya mbali inayo ndi nyundo. Ululu unayenda mpaka paphewa, paipi ndinaitaya pansi, zala zili njenjenje. Ndisanatukwane anandipatsa chitini cha utoto chopanda kanthu kuti ndichigwire chimodzimodzi, n'kumenyanso ndi mphamvu yomweyo. Chitini chinakwinyika, ine ndinangomva ngati wina wandikankha dzanja.

"Nkhonya ikaponyedwa siibwerera, mayi," anatero a Nyundo. "Pamafunika woilandira. Malata a kutsogolo aja amawapinda dala kuti azikwinyika pang'onopang'ono, iwo afe, munthu atsale. Cholimbitsa ndi chipinda chokhala anthu chokha. Mukalimbitsa mphuno, nkhonya imadutsa yonse kukafuna chofewa, ndipo chofewa m'galimoto ndi munthu."

Ndikudziwa chimene muyankhe, chifukwa mwachilemba kale kawiri. Muti magalimoto anu a mpikisano amagubuduzika kasanu dalaivala n'kutuluka akuseka. Ndinawafunsanso zimenezo a Nyundo, ndipo musaganize kuti anakunyozani. Anati mapaipi pamalo pake ndi abwino, galimoto ikatembenuzika amaletsa denga kuphwanya munthu. Koma anyamata anu a mpikisanowo amavala chipewa cholimba, amamangidwa malamba m'mapewa monse ndi m'chiuno, mpando umawakumbatira kuti mutu usapite uku ndi uku, mapaipi oyandikira mutu amawakulunga ndi siponji, ndipo kutsogolo amasiyako ndithu mbali yoti iphwanyike. Alamu anu anavala tayi ndi jekete yamvula. Zonsezi inu mumazidziwa kuposa ine, popeza ndinu mumamanga anyamatawo malamba asananyamuke. Munangoona kuti kwa mphunzitsi wopita kuntchito n'zosafunika.

Chiyambire muli otero. Tili ana munamanga kashelefu ka mayi ndi misomali makumi atatu, khoma n'kung'aluka, inu n'kumanyadira kuti kashelefu sikanagwe. Kwa inu chinthu chikalimba ndiye kuti chili bwino, zoti chaphwanya chiyani pambali pake si nkhani yanu. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Tsopano pali china chimene m'kalata yanu simunachitchule, ndipo sindikudziwa ngati n'chifundo kapena mukuchisungira tsiku loipa. Ndichinena ndekha musanandilase nacho. Amene anakuitanani ndine. Tsiku lija nditaona mphuno yokwinyikayo, ndinkangoona mwamuna wanga atafinyidwa m'katimo. A Nyundo anandiuza pomwepo kuti galimotoyo yagwira ntchito yake, ndipo tiigulire mphuno ina ya kufakitale kapena tiitaye. Ndinawayankha kuti ndi aulesi, nyundo yawakalambira m'manja. Alamu anu anagwirizana ndi a Nyundo. Ankaseka kuti galimoto yawafera ngati bwenzi, ndiye tisainyoze. Ine ndinakhala sabata yathunthu osawalankhula, chakudya ndikungowaikira patebulo n'kuchokapo, ndikulira kuti akufuna kundisiya wamasiye. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anandipeza ndikusita malaya awo, anaima pakhomo n'kunena kuti, "Chabwino, mayi, aitaneni achimwene anu."

Ndiye mukamva kuti atsala ndi liwu limodzi, dziwani kuti ine ndimalimva kakhumi, kakhumi kawiri pa tsiku, ndipo nthawi zonse limandibwezera pa malaya aja. Abale awo akabwera kudzazonda amakutukwanani mpaka malovu kuuma, amati munawaphera m'bale wawo ali moyo. Ine ndimangowathirira tiyi, pakamwa nditatseka. Palibe amene akudziwa kupatula inu, a Nyundo, ndi munthu amene sangathenso kunena. Ndimadana nanu, achimwene, ndikunena mosabisa, mtima wanga umachita kutentha ndikaona dzina lanu pa envulopu. Koma chidani chimenechi tikugawana pakati, theka lake ndimagona nalo ndekha. Kusiyana kwathu n'kwakuti ine ndamva, ngakhale ndamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo mutu wake si wanga. Inu mukufuna kulemba chikwangwani.

Galimoto simuilandira. Dzulo m'mawa ndinapita kwa a Nyundo n'kuwauza kuti aidule. Ndinakhala pa tayala lakale n'kumaonerera mpaka masana. Makina awo odulira anatha mipeni itatu pa mapaipi anu, ndipo mkuluyo anapukuta thukuta n'kunena kuti pa zaka zake zonse sanaonepo munthu wowotcherera mwaukhondo ngati inu. Ndakuuzani zimenezi kuti musati ndimabisa zabwino zanu. Zidutswazo zapita kwa ogula zitsulo zakale, kupatula chimodzi.

Chimodzicho ndi chimene chili m'phukusi labwera ndi kalatayi. Ndi paipi ya pambali pa chitseko cha dalaivala, yotalika ngati mkono. Ndaitsuka, musaope. Muigubuduze patebulo lanu, muione bwino pa kuwala. Sinapindike ngakhale pang'ono, utoto wake sunasupuke n'komwe. Ntchito yanu inapirira, achimwene. Chinagonja ndi chigaza cha alamu anu.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo sindikupempha mogwada. Galimoto ya mayi a mapasa muisiye mmene anaipangira eni ake. Ngati manja akukuyabwani, wotchererani mageti, mawindo, mabedi, dziko lonse likufuna zitsulo zolimba. Musanayatse makina anu, mutenge mzime wanu, mumukhazike pa mpando wakumbuyo pomwe amakhala popita kusukulu, muike paipi imeneyi pambali pa khutu lake, ndipo muyang'ane. Mukaona kuti zili bwino, pitirizani. Koma dziwani kuti mukangodula galimoto imeneyo, ndilembera mayi a mapasa zonse zimene ndalemba muno, ndi za ine zomwe, osasiyako. Ndikatero ndikwera basi ndi alamu anu, ndidzawakankha pa chikuku chawo mpaka kutsogolo kwa shopu yanu, pamalo pomwe mumafuna kuimika galimoto paja. Adzakhala pamenepo tsiku lonse ndi thaulo lawo pakhosi, makasitomala anu aziona ntchito yanu yonse, osati theka lake.

Musandiyankhe ndi masamba anayi. Mzere umodzi ukwana, wonena kuti mwaisiya. Ndiudikira mpaka mwezi uno utatha.

Mundiperekere moni kwa mayi a mapasa. Muwauze kuti nsalu ya pampando imene anatumiza ija yathandiza, alamu anu sakutulukanso zilonda kumsana. Mapasa muwauze kuti azakhali awo akuti azimanga malamba ngakhale ulendo ukhale wa pafupi, ndipo asiye kulimbirana mpando wakutsogolo. Mzime mumupsompsone pamutu, pamwamba pa khutu lamanja. Ndikukumbukira kuti galimoto ikangonyamuka iye amagona, mutu atatsamiritsa kuchitseko.

Alamu anu ali pano pambali panga, akuyang'ana dzanja langa likulemba. Nditawauza kuti kalatayi ndi yanu nkhope yawo inawala mbali imodzi imene imathekayo, chifukwa ngakhale pano amakukondani, munthu wosasunga mangawa ngati ameneyu sindinamuonepo. Ndawafunsa kuti ndikuuzeni chiyani. Ayesa kwa nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera, kenako anena kuti chabwino. Ndalemba monga anenera, koma inu musakhulupirire.

Ndine mlongo wanu,
uja anakuitanani.