Matanga a Sitima Yachinayi

Bambo, lero zakwana zaka zisanu ndi ziwiri chitisiyireni. Chaka chilichonse takhala tikusindikiza chithunzi chomwechi, mutanyamula kasitima kanu ndi manja awiri ngati khanda, ndipo pansi pake tinkalemba mawu ofewa. Chaka chino mutipirire, mawu ofewa atithera.

Tikukumbukabe kachipinda kanu kakuseri, fungo la guluu ndi fumbi la sandipepa, magalasi atatsikira kumapeto kwa mphuno, lilime litasuzumira panja pomwe mukumanga mfundo yochepa kuposa mutu wa machesi. Munthu woopa madzi ngati inu, amene ngakhale bwato simunakwerepo, koma zingwe ndi milongoti ya sitima zakale zoyendera mphepo munkazitchula mayina ngati abale anu. Tikakusekani, munkaseka kutiposa mpaka kutsokomola. Munatiphunzitsa kukoka ulusi pakandulo kuti usachite ubweya, ndipo mukapeza chingwe chomwe wina wangomata ndi guluu, munkachidula osafunsa. Munkati pasitima chingwe chilichonse chizioneka kumene chachokera ndi kumene chamangidwa, pasakhale chobisa.

Mwambo wa pakhomo pathu unali umodzi: mwana aliyense, sitima yake. Amayi akaima, inu munkayamba kusema thabwa, mwana akabadwa n’kuimika milongoti. Matanga ndiwo ankasoka amayi, pamanja, atanyika nsalu mu tiyi kuti ioneke yakale, ndipo pakona ya thanga lalikulu ankasiyapo kadontho ka ulusi wofiira. Sitima zathu zitatu zikadali pamwamba pa kabati. Yachinayi munati ndi mphatso ya abwana anu amene ankapuma pantchito. Munati isatichititse manyazi, choncho amayi anatsegula sutikesi n’kudula nsalu yoyera ya pabedi imene analandira paukwati wanu, yomwe anali asanaiyalepo chifukwa choikonda. Anasoka mpaka maso kuwawa, akunyadira kuti dzanja lawo likaonekera kunyumba ya anthu akuluakulu.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wachitsikana atanyamula katoni. Anati anaona chithunzi chanu m’nyuzi chaka chatha, koma mtima wobwera unkamuvuta. Mwana wake wathyola mlongoti wa sitima imene bambo a mayiyu anamupangira iye mwini atabadwa, ndiye amafunsa ngati alipo mwa ife amene anatengera luso lanu. Sitinafunikire kufunsa kuti bambo akewo ndani. Mpata wa m’mano ndi wanu, kuseka kothera m’chifuwa ndi kwanu. Maulendo anu akuntchito a kumapeto kwa mwezi, amene amayi ankakusitirani malaya, tsopano tadziwa kumene ankathera. Bambo aang’ono, mng’ono wanu uja, analipo tsikulo, ndipo anangoyang’ana nsapato zawo. Iwonso ankadziwa.

Mlendoyo alibe mlandu, ndipo analankhula mwaulemu. Poyesa kutisangalatsa anatulutsa sitimayo m’katoni n’kuyamikira matanga, nati munawauza kwawoko kuti anasoka ndi telala wina wa kumsika. Amayi anatembenuza thanga lalikulu ndi chala chimodzi, n’kuona ulusi wawo wofiira. Sanakuwe, sanatukwane. Anamupatsa mlendo madzi akumwa, analowa kuchipinda, ndipo tsikulo sanatulukenso.

Bambo, munatipweteka. Amayi akuti za mwana wanu wakunjayo mwina tsiku lina adzazimvetsa, poti mwana sasankha kobadwira. Chimene chikuwadya ndi chakuti munakhala nawo pampando umodzi, mukuwapisira ulusi pasingano, mukuwayamikira, pamene mukudziwa khomo limene matangawo akukakongoletsa. Munabwereka manja awo kuti mukasangalatse mkazi wina, kenako n’kuwasandutsa telala wa kumsika. Mukanagula nsalu, mukanapita kwa telala weniweni, bwenzi lero amayi ali ndi pogwira.

Achimwene aakulu, amene munawasiyira zipangizo zanu, akonza mlongoti uja monga munawaphunzitsira, akulira ndi ukali. Thanga limodzi linang’ambika, ndipo sitima yabwerera kwa mwini wake lili chomwecho, chifukwa palibe amene analimba mtima kuwapempha amayi. Achemwali safuna kumva dzina lanu, komabe tinawapeza akupukuta fumbi pasitima yawo. Mng’ono wathu akufunsa ngati yachinayiyo inali yomaliza. Adzukulu anu akukusowanibe, poti sitinawauze kanthu. Mlongo wathu watsopanoyo nayenso analira pochoka, chifukwa maliro anu anawamva mutaikidwa kale.

Zaka zonsezi amayi ndiwo ankatitsogolera kulemba mawu a tsiku lino. Chaka chino atiuza kuti tilembe tokha, ndipo dzina lawo tisaliike pansipa.

Ife ana anu sitidzakuiwalani, bambo. Mwezi wonsewu tayesa, koma zakanika.